Satelayiti imaona mitambo, mvula timaiyeza pansi

Akonzi,

Ndipatseniko malo pa tsamba lanu la makalata, ndipo mundikhululukire ngati kalatayi italike. Aphunzitsi tikapuma pantchito choko chimatha m'manja, koma mawu pakamwa satha.

Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ndakhala mu Mzuzu muno kuyambira 1994 pomwe ndinabwera kudzaphunzitsa Jogalafe ku sekondale. Kuseri kwa nyumba yanga ku Chiputula, pamtetete, kutali ndi denga komanso nthochi, ndinazika choyezera mvula. N'kachitini kokhala ndi fanulo pamwamba ndi botolo mkati. Kuyambira dzinja la 1998, m'mawa uliwonse 8 koloko ikakwana ndimatsanulira madzi a m'botolomo m'kagalasi ka mizere, n'kulemba mamilimita ake m'kope. Kukakhala kuti sikunagwe kanthu ndimalemba ziro. Pano makope akwana 27, chaka chilichonse lake. Poyamba aneba ankanong'onezana kuti aphunzitsi aja ali ndi kanthu kawo kuseri, ndipo chaka china mvula itachedwa mayi ena ogulitsa tomato anandifunsa, osaseka ngakhale pang'ono, ngati si ine ndikuimanga. Ndinawaonetsa botolo lili louma gwa ngati munda wawo womwe.

Chandilembetsa ndi nkhani yomwe yachuluka pa wailesi ndi m'misonkhano masiku ano, yoti kusintha kwa nyengo tikumvetsa ndi kukukonzekera pogwiritsa ntchito data yochuluka. Ambirife data timaidziwa ija imatha m'foni chithunzi chisanapite. Koma apa akunena milumilu ya manambala a mvula, kutentha, mphepo, nkhalango ndi madzi, omwe masatelayiti ndi makompyuta akhala akusonkhanitsa kwa zaka zambiri. Ine manambala amenewa ndakumana nawo pa tebulo la m'nyumba mwanga momwe. Ndi amphamvu zedi, sindikukana. Koma amatsamira pa kachitini ngati kanga kaja kuposa momwe akuluakulu a m'misonkhano akuvomerezera, ndipo timachitini timeneti tikutha m'dziko muno.

Mdzukulu wanga wamkazi akuphunzira za madzi ndi chilengedwe pa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), ku Luwinga. Pa tchuthi cha Khirisimasi anabwera ndi laputopu, n'kundipeza ndikulemba m'kope. Anaseka, amvekere, "Agogo, mvula yonse ili m'makope mwanumu ine ndili nayo kale muno, ndiponso yanga ikuyambira 1981." Mawuwo anandilasa, ndisaname. Anatsegula chinthu chotchedwa CHIRPS, chomwe amakonza akatswiri a ku University of California, Santa Barbara. Iwo anagawa dziko m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 5 mbali zonse, ndipo kabokosi kalikonse kali ndi nambala yake ya mvula tsiku ndi tsiku kuchokera 1981 mpaka lero. N'zaulere, aliyense amene ali ndi intaneti atha kuzitenga. Anatchulanso TAMSAT ya ku University of Reading, yomwe imayang'ana Africa yokha kuyambira 1983, ndi ERA5 ya ku Ulaya yomwe imabwerera m'mbuyo mpaka 1940, ngakhale mabokosi ake ndi aakulu, pafupifupi makilomita 30. Anadina pamwamba pa Chiputula, manambala n'kutsika mondondozana ngati lisiti ya ku golosale.

Tinagwirizana kuti tiziike pa sikelo. Madzulo atatu tinakhala pa tebulo, iye akuwerenga pa laputopu, ine m'kope, magetsi akathima tikupitiriza ndi tochi mpaka batire itatha.

Pa Januwale ndi Febuluwale ndinachita manyazi. Zaka zomwe kope langa likuti kunagwa mvula yambiri, makina nawo akutero. Zaka za ng'amba, chimodzimodzi. Manambala sankafanana ndendende, koma ankayendera limodzi ngati ng'ombe za pa goli. Mumtima ndinayamba kudzifunsa ngati zaka zonsezi ndakhala ndikuponda mame pachabe.

Titafika pa Epulo, Meyi ndi Juni, ng'ombe zija zinasiyana njira. Aliyense wokhala mu Mzuzu amaidziwa mvula ya miyezi imeneyi. Anzathu ku Lilongwe akukolola, akuyanika chimanga pa mkeka, ife kuno tikadali m'mvumbi: mawawa osaleka masiku atatu kapena anayi, nkhungu ili pansi moti galimoto za pa msewu wa ku Nkhata Bay zikuyenda zitayatsa nyali masana, zovala sizikuuma, makoma akuchita ndere. Masiku ambiri otere kope langa lili ndi mamilimita ake, pomwe makina akuonetsa tochepa kapena ziro amene.

Mdzukulu wanga sanatsutse. Anati, "Agogo, satelayiti siona dontho. Imayeza kuzizira kwa pamwamba pa mtambo." Mitambo ya mabingu ya m'Januwale imakwera kutali kwambiri, mitu yake n'kuzizira koopsa, ndiye makina amawerenga maola omwe mtambo wozizira chotero wakhala pamwamba pa dera, n'kuyerekeza mvula yake. Yathu ya mvumbi imabwera mwanjira ina. Mphepo yochokera kummwera chakuvuma imadutsa pa nyanja, imatenga chinyezi, kenako n'kukumana ndi chitunda chochokera ku Nkhata Bay. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, Mzuzu ali cha pa 1,250. Pokwera pamenepo mpweya umazizira n'kupanga mitambo yotsika, yokwawa m'mapiri. Mitu ya mitambo yotereyi ndi yofunda poyerekeza ndi ija ya mabingu, ndiye kwa satelayiti imaoneka ngati yopanda kanthu. Ine amene ndinajambula mvula ya m'mapiri pa bolodi zaka zonse zija, ndinangokhala duu kumvetsera mwana amene ndinamunyamula ali wakhanda.

Eni ake a CHIRPS vutoli amalidziwa ndipo sabisa. Chilembo chomaliza cha dzinali, S, chikuimira masiteshoni a pansi. Amatenga zomwe satelayiti yayerekeza n'kuziwongola ndi manambala a zoyezera mvula zenizeni. Kumene zoyezera zili zambiri ndipo manambala ake amafika, zotsatira zimakhala zabwino. Kumene kulibe, chowongolera palibenso. Ndipo bungwe la zanyengo la dziko lonse, WMO, lakhala likudandaula kuti mu Africa muli gawo limodzi lokha mwa magawo 8 a masiteshoni omwe amayenera kukhalamo.

Palinso nkhani ya kabokosi kaja. Makilomita 5 kuno ndi mtunda: muli dambo, muli chitunda, muli nkhalango, muli malata okhaokha, koma zonsezi zimapatsidwa nambala imodzi. Chimvula chomwe chakhuthuka pa chitunda chimodzi kwa ola limodzi chimamwazidwa m'bokosi lonse n'kuoneka ngati mvula wamba. Pomwe chimene chimagwetsa nyumba si mvula ya mwezi wonse ayi, ndi usiku umodzi uja wagwera pa nthaka yokhuta kale.

Sindidzaiwala Epulo wa 2016. Mvula inagwa masiku otsatizana. Ku Masasa, komwe nyumba zimachita ngati zapachikidwa m'zitunda, dothi linagumuka. Kuno ku Chiputula, ku Chibavi ndi madera ena a m'munsi madzi analowa m'nyumba, makoma a zidina n'kusungunuka ngati shuga m'tiyi. Anthu anamwalira, mabanja ambiri anagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Mwezi womwewo, pa 12 Epulo, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha chilala. Zonse ziwiri zinali zoona, chilala ndi chigumula, m'dziko limodzi, m'mwezi umodzi. Chinali chaka cha El Niño, kufunda kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kawirikawiri kumaumitsa kummwera ndi pakati, pomwe kumpoto kuno mvula imagwa bwinobwino kapena kupyola muyezo. Zinabwerezanso mu 2024. Mu Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, koma nyengo yomweyo nyanja inakwera kupitirira mamita 476 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. N'chifukwa chake ndikamva wina akunena za "mvula ya Malawi" ngati chinthu chimodzi, mutu umandiwawa. Mukaphatikiza ya ku Nsanje ndi ya ku Mzuzu n'kugawa pawiri mupeza chaka chabwinobwino chomwe palibe anachiona.

Chaka chomwecho cha 2016 chinatiphunzitsa china, ndipo ndikudabwa kuti sitimachikamba kawirikawiri. Boma linali litagula inshulansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la pansi pa African Union, pa mtengo wa madola pafupifupi 5 miliyoni. Inshulansi yotereyi siyendera minda. Imadalira kompyuta yomwe imatenga mvula ya satelayiti n'kuwerengera ngati chimanga chinapeza madzi okwanira. Anthu 6.5 miliyoni anali pa njala, koma kompyuta inati chilala sichinafike poti n'kulipira. Atafufuza anapeza pamene panakhota nyani mchira. Kompyuta inauzidwa kuti alimi amabzala chimanga chokhalitsa m'munda, cha masiku 120 mpaka 140, pomwe ambiri anali atasamukira ku mbewu yocha msanga ya masiku pafupifupi 90. Ng'amba inagwera mbewu yocha msangayo pa nthawi yoipitsitsa, pomwe chimanga cha m'kompyuta chinali ndi mpata wodikira mvula ya m'mbuyo. Atakonza nambala imeneyo, dziko linalandira madola 8.1 miliyoni, koma ndalamazo zinafika kumayambiriro kwa 2017, njala italuma kale. Taonani, Akonzi: cholakwika sichinali kumwamba. Chinali funso lomwe mlangizi aliyense, kapena mayi aliyense wogula mbewu pa sitolo, akanayankha asanamalize kumanga chitenje.

Wina asandimve ngati nkhalamba yodana ndi zatsopano. Usiku wachitatu mdzukulu wanga anandionetsa zinthu zomwe kope langa silingandiuze ngakhale nditalemba zaka 100. Masatelayiti a Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo kuyambira 2008 zithunzi zake n'zaulere. A Sentinel-2 a ku Ulaya amaona kachigawo ka mamita 10 ndipo amadutsanso pa malo omwewo masiku 5 aliwonse. Anaika chithunzi cha Chikangawa cha zaka za m'ma 1990 pambali pa cha posachedwapa. Nkhalango ya paini ija ya mahekitala 53,000, yomwe tinkadutsamo pa basi kuli mdima masana, pano ili zigamba ngati mutu wa mwana wa chipere. Anandionetsa Kaning'ina, komwe kumachokera madzi a damu la Lunyangwa omwe timamwa mumzinda muno, m'mbali mwake mukudyeka pang'onopang'ono. Anandionetsanso mzinda wathu womwe. Pa kalembera wa 2018 tinalimo anthu 221,272, ndipo pa zithunzi malata akuoneka akutsetsereka chaka ndi chaka kulowa m'madambo momwe kale munali bango ndi madimba. Dera lathu lino nalo lilimo, sindidzipatula.

Apa m'pamene ndinaona phindu lenileni la milu ya manambala ija. Tazolowera kuti chilichonse chikalakwika timati ndi kusintha kwa nyengo, ngati mmene kale tinkanenera kuti ndi mfiti. Madzi akalowa m'nyumba ku Chibavi, mbali ina ndi mvula, inde, koma mbali ina ndi mitengo yomwe inapita ku makala, ina ndi ngalande zodzaza mapepala a pulasitiki, ina ndi poloti yomwe inagawidwa pa njira ya madzi. Ukaika mvula ya zaka 40 pambali pa zithunzi za zaka 40, umatha kusiyanitsa gawo la kumwamba ndi gawo lathu. La kumwamba sitingalisinthe ife a ku Chiputula, koma la ngalande ndi mapoloti lili m'manja mwa khonsolo ndi ma block leader athu.

Manambala amatiwongolanso ife achikulire. Tikakhala pa siwa kapena pa bawo timakonda kunena kuti kale chizimalupsa sichinkaphonya, mvula yobzalira inkabwera pa tsiku lake, ndipo inkagwa yambiri kuposa pano. Mutu wa munthu umasunga zaka zokoma n'kutaya zina. Akatswiri a ku yunivesite ya Oxford, polembera bungwe la chitukuko la United Nations, UNDP, za nyengo ya Malawi, anapeza kuti kutentha kunakwera ndi madigiri 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006, pomwe kuchuluka kwa mvula ya chaka chonse sikunaonetse kutsika koonekeratu. Mlimi amene akuti munda ukuuma msanga sakunama, popeza kukatentha chinyezi chimathawa msanga ndipo ng'amba ya masabata awiri imaluma kuposa kale. Koma mankhwala ake amasiyana. Ngati vuto ndi kutentha ndi kagwedwe ka mvula, yankho lili pa kuphimbira nthaka, manyowa, mithunzi ya mitengo m'minda ya khofi ku Misuku ndi ku Phoka, komanso kusankha bwino tsiku lobzala. Osangoti mvula yatha m'dziko.

Ndiye pali nyanja. Anthu anayamba kulemba kukwera ndi kutsika kwake cha m'ma 1896, ndipo chifukwa cha zolemba zimenezo tikudziwa kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutulutsa madzi ake. Ganizirani zimenezo zitachitika lero, pomwe Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa Shire yemweyo. Masatelayiti anayamba kuyeza msinkhu wa nyanja mu 1992. Tikanangodalira iwo, bwenzi tikuganiza kuti Shire sanaphwepo, ndipo amene amatsegula ndi kutseka zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde akanakhala opanda chowachenjeza. Ndiwonjezere apa, ngakhale anzanga a kummwera sakonda kumva, kuti gawo lalikulu la madzi a m'nyanjayi limalowa kuchokera kumpoto, kudzera mu South Rukuru, North Rukuru, Songwe ndi Ruhuhu wa ku Tanzania. Mvumbi uja umatiwumitsa zovala kwa sabata kuno ndi womwe umayatsa babu ku Ndirande. Kuuyeza molakwika si vuto la anthu a ku Mzuzu okha.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa. Zaka zingapo zapitazo ndinapita ku ofesi ina m'boma lina la kuno kumpoto kukafuna manambala akale a mvula kuti ndiyerekeze ndi anga. Kalaliki, munthu waulemu ndithu, anandilowetsa m'chipinda chosungiramo katundu. Pakati pa matayala akutha ndi mapampu opopera mankhwala panali makatoni a mafomu a mvula, olembedwa pamanja ndi inki, ena a zaka za m'ma 1960. Denga linkadontha pakona. Nditanyamula katoni ya pansi, inangotsala m'manja, mkati muli dothi la chiswe lokhalokha. Munthu wina, amene mwina anatisiya kalekale, ankadzuka m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri kukayeza mvula imeneyo, ndipo chiswe chinamaliza ntchito yake yonse mwakachetechete. Msewu ukakokoloka timamanganso. Mvula ya 1967 ikadyedwa ndi chiswe palibe satelayiti yomwe ingabwerere kukaiyeza. Pa sukulu ina yomwe ndinaphunzitsapo panali kabokosi koyera ka zipangizo zoyezera kutentha ndi choyezera mvula pambali pake. Nditadutsako posachedwapa ndinapeza pamalopo pali mbatata.

Wina anena kuti awa ndi madandaulo a nkhalamba yokonda mapepala. Amve izi. Namondwe Ana atatigunda mu Januwale 2022 n'kuwononga Kapichira, gulu la asayansi lotchedwa World Weather Attribution linafufuza ngati kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula ya anamondwe a chaka chimenecho. Linapeza kuti inde kunawonjezera, koma linalephera kunena kuti ndi mochuluka bwanji, chifukwa manambala a pansi anali operewera. Ku Mozambique, mwa masiteshoni 23 a m'dera lokhudzidwa, 4 okha ndiwo anali ndi kaundula wokwanira kubwerera mpaka 1981. Ku Malawi ndi ku Madagascar sanapeze siteshoni yoti n'kugwiritsa ntchito pa kafukufukuyo. Mu Novembala chaka chomwecho, ku msonkhano wa maiko wa zanyengo wa COP27 ku Sharm el-Sheikh, m'dziko la Egypt, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza maiko osauka pa zomwe ataya chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Kwathu ku Ntchisi, wokadandaula kwa mfumu kuti ng'ombe zamudyera munda amapita ndi mboni ndipo amakaonetsa mapazi a ng'ombezo. Ife tikupita ku bwalo la dziko lonse mapazi titawasiya afufutike.

Sindikupempha zodula. Mafomu akale ali m'maofesi a zaulimi, m'mamishoni, m'maesiteti a tiyi ndi khofi komanso m'masukulu. Foni ya kamera ndi ophunzira angapo a ku yunivesite pa tchuthi chimodzi atha kujambula makatoni ambiri, kenako n'kuwalowetsa m'kompyuta pang'onopang'ono. Ndikudziwa kuti zaka zapitazi kwaikidwa masiteshoni odziyezera okha, otumiza manambala pa netiweki, ndipo ndikuyamika. Koma makina amenewa amafuna batire, amafuna sola yosabedwa, amafuna wina wochotsa masamba ndi zisa za mavu mu fanulo. Pulojekiti ikatha, ambiri amagona. Kachitini ka pamanja kakakhala pambali pake, m'manja mwa mphunzitsi ndi ana a Sitandade 7, mzera wa manambala suduka. Mu Mzuzu mokha mutakhala choyezera pa sukulu imodzi ku Masasa, ina ku Mchengautuwa, ina ku Zolozolo, ina ku Katoto, ina ku Luwinga, m'zaka zochepa tingadziwe za mvula ya mzinda uno zomwe kabokosi ka makilomita 5 sikangatiuze, ndipo a ku California omwe angapeze chowongolera manambala awo. Ana nawo angaphunzire masamu pa chinthu chomwe chawanyowetsa popita ku sukulu.

Koma manambalawo akapita, azibweranso. Apa m'pamene timalephera kwambiri. Namondwe Freddy asanafike mu Malichi 2023, makompyuta anamuona akubwera masiku angapo m'mbuyo, ndipo a nthambi yoona zanyengo anachenjeza. Komabe anthu oposa 1,000 anatisiya. Uthenga woti kummwera kugwa mvula yamphamvu ndi woona, koma sumuuza mayi wa m'munsi mwa phiri la Soche kuti usiku uno asagone m'nyumba, ndipo akagone kuti. Kuno nako, mayi wa ku Masasa safuna mapu a mitundumitundu a dziko lonse. Akufuna kumva m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chichewa kuti nthaka yakhuta, mvula ina ikubwera mawa, ana akagone ku tchalitchi. Khansala wake akufuna pepala limodzi losonyeza malo omwe madzi amadutsa chaka ndi chaka, kuti akakane poloti akhale ndi choonetsa. Njira yotchedwa PICSA, yomwe inachokera ku Reading komwe kuja ndipo alangizi ena m'dziko muno anaiphunzira, imachita zofanana ndi zimenezi kwa alimi. Amawaonetsa mvula ya zaka zambiri ya siteshoni ya pafupi nawo, alimiwo n'kuwerenga okha kuti pa zaka 10 zilizonse ndi zingati zomwe mvula inachedwa kapena inadukiza, kenako n'kusankha okha mbewu. Koma taonani, nayonso imayambira pa siteshoni ya pafupi. Kumene kulibe, mlangizi amaonetsa alimi mvula ya kwa eni.

Chimodzi chomwe chinandikhumudwitsa pa tebulo paja n'chakuti mwana wa pa Mzuni amapeza mvula ya ku Chiputula kuchokera ku America m'mphindi zochepa, pomwe manambala oyezedwa m'dziko mwake momwe kawirikawiri amafuna kalata, chidindo ndi kudikira. Amene anayeza analipidwa ndi misonkho yathu. Ophunzira, makhonsolo ndi magulu a alimi asamavutike kuwapeza.

Maso anga ayamba kuchita ng'ala, ndipo timizere ta pa kagalasi kaja sindikutionanso bwino. Pano amandiwerengera ndi mnyamata wa aneba wa Sitandade 7, amene amabwera asanapite ku sukulu ndipo waphunzira kale kuika diso molingana ndi madzi, osayang'anira pamwamba. Mdzukulu wanga walowetsa makope anga m'kompyuta mpaka a 2011, otsalawo akuti adzamaliza akalemba mayeso. Makope enieniwo ali m'katoni pamwamba pa kabati, ndawakulunga m'pulasitiki chifukwa cha zomwe ndinaona ku ofesi kuja. Ngati a zanyengo kapena a ku yunivesite angawafune, adzere kwa inu Akonzi, mudzandiuza, ndipo sindidzawalipiritsa. Ndingopempha kuti amene adzawatenge asamale pa kope la 2009. Masabata atatu a mu Malichi ndi osalemba, ndipo asadzalembepo ziro. Mvula inkagwa ndithu, ndinkaimva pa malata a chipatala komwe ndinkadwazika mayi a kunyumba.

Mphunzitsi wopuma,
Chiputula, Mzuzu